Chotsani Alendo Akapita

Bokosi la amalume linabwera ku labu kwathu katatu, ndipo ulendo uliwonse linkabwera litanenepa. Ulendo woyamba analikwapatira okha m'khwapa. Wachiwiri anathandizana ndi mlonda wa pageti. Wachitatu linalowa pa wilibala yobwereka, tayala likulira m'khonde monse, anthu a m'maofesi akusuzumira pazitseko kuti aone amene wabweretsa simenti.

Bokosilo linali inveta, chipangizo chimene chimatenga magetsi a sola ndi a m'mabatire n'kuwasandutsa magetsi oyendetsera zinthu za m'nyumba ndi za kumunda. Amalume, alongo awo a mayi anga, anagwira ntchito yokulunga mamota zaka makumi atatu ndi zinayi. Atapuma, m'malo mokhala pakhonde n'kumatukwana osewera mpira pa wailesi ngati anzawo, anaganiza zopanga inveta yawoyawo, yoti ikawonongeka munthu aitsegule n'kuikonza pompo, osadikira sipeya wochokera kunja miyezi itatu. Gulu lina la alimi a masamba linawalonjeza kuti litenga mabokosi asanu ndi limodzi oyendetsera mapampu a madzi. Chimene chinkasowa chinali chiphaso. Popanda chiphaso palibe amene akanalola bokosilo kukhudza mawaya enieni, ndipo chiphasocho chimatuluka m'chipinda chimene ndimagwiramo ntchito ine.

Chipindacho chili kumapeto kwa khonde, kuseri kwa zimbudzi, ndipo chilibe zenera. Anthu akandifunsa ntchito yanga ndimati ndi yonama. Bokosi losayesedwa sungalilumikize ku mawaya a anthu, ndiye tili ndi kompyuta imene imadziyesa dera lonse: mapolo, mawaya, thiransifoma, mapampu, nyumba zoyaka mababu. Kompyutayo imawerengera mmene magetsi akanakhalira panthawiyo, ampulifaya yaikulu ngati firiji imawatulutsa enieni, oti akhoza kukupha, bokosi limayankha, ndipo kachipangizo koyezera kamatenga yankholo n'kulibweza ku kompyuta. Zimazungulira choncho kambirimbiri pa sekondi imodzi. Bokosi limaganiza kuti lili kumunda, pamene lili patebulo pafupi ndi kapu yanga ya tiyi.

Vuto la bodza limeneli ndi kuchedwa. Yankho lililonse limafika mochedwa pang'ono, pang'ono koti munthu sangaphethire n'komwe, koma kwa magetsi kumeneko ndi kuchedwa ndithu. Zimakhala ngati foni ija ya mawu ochedwa, nonse mumayamba kulankhula pamodzi, nonse n'kusiya, nonse n'kuyambanso. Kompyuta ndi bokosi zikayamba kudulana mawu choncho, mzere wa pa sikirini umanjenjemera, ampulifaya imalira, swichi yotetezera imagwa, chipinda n'kuti zii.

M'labumo tilimo atatu. Abwana amasaina. A Chipewa, amene palibe munthu anaonapo pamutu pawo, amalumikiza mawaya ndi kunyamula zolemera. Ine ndimayendetsa makina, chifukwa ena amene anaphunzira nane za makinawa anapita kale kumene kuli mazenera.

Tsiku loyamba lija ndinauza abwana kuti mwini bokosi ndi malume anga.

“Makina alibe malume,” anatero, osadzutsa n'komwe mutu. “Yesani basi.”

Mawu amenewo ndinawasunga kuposa mmene anafunikira. Ndinkaopa pakamwa pa anthu a m'khonde, kuti adzati wapereka chiphaso pachibale. Ndiye amalume sindinawapatse ngakhale mpando wabwino.

Iwo analibe nazo ntchito. Anayatsa bokosi lawo lisanalumikizidwe, anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga anagunditsa pachitsulo, chogwirira anaika kukhutu, n'kutsinzina. Umo ndi mmene ankamverera mamota kuyambira kale, masiku amene ankandiphunzitsa kuwotcherera mawaya patebulo la kuseri kwa nyumba yawo.

“Tamverani, a Injiniya,” anatero. Chitengereni digiri ankanditchula choncho, theka ulemu theka chipongwe. “Likuimba bwino ili.”

Ndinawauza kuti kuno sitiyeza ndi khutu. A Chipewa analumikiza mawaya, ine ndinadina batani, ndipo bokosilo linapirira masekondi anayi. Mzere unayamba kunjenjemera, ampulifaya inakuwa, swichi inagwa. Tinayesa katatu, katatu konse zinali chimodzimodzi.

“Bokosi lanu ndi la phuma, malume,” ndinatero. “Likuyankha msanga kwambiri, ndiye likukangana ndi magetsi. Mukalichepetse liwiro.”

Anayang'ana sikirini nthawi yaitali, ngakhale ndinkadziwa kuti mizere ija sinkawauza kanthu. Kenako anabweza sikuludiraiva m'thumba.

“Poti kompyuta yanena,” anatero.

Ndisanafike n'komwe pokwerera basi, mayi anali atandiimbira.

“Ndamva kuti wawalepheretsa malume ako.”

“Sindine, mayi, ndi makina.”

“Makinawo amadziyatsa okha?”

Patapita miyezi isanu ndi itatu amalume anabweranso. Anali atalifooketsa bokosi lija n'kuwonjezeramo koyilo ina, waya wokulungidwa pachitsulo woti azichedwetsa magetsi. Linapirira masekondi makumi anayi. Anapita, anakhala chaka chathunthu, n'kubwera ndi wilibala ija. Koyilo ya ulendo uno inali ya waya wonenepa ngati chala, yolemera kuposa bokosi lenilenilo. Tinalumikiza, mzere unakhala bata. Tinadikira ola lathunthu, unali chikhalire. A Chipewa anaomba m'manja kawiri, n'kusiya ataona kuti ali okha.

Amalume anaikanso sikuludiraiva kukhutu, nkhope ili makwinya.

“Likulira ngati lili ndi chimfine,” anatero. “Koma poti inu ophunzira mwati lili bwino.”

Ndinawauza kuti asiye bokosilo kuti tilembe malipoti, adzatenge chiphaso Lachisanu la sabata yotsatira. Kunena zoona, ndinasangalala osati chifukwa cha iwo ayi, koma chifukwa nkhaniyi ndinali nditafika nayo pakhosi.

Loweruka ndi Lamlungu kunagwa mvula. Lolemba m'mawa tinapeza siling'i ikudontha pamwamba penipeni pa kabati ya mawaya, ija imene chiikireni sinasunthepo. Tinazimitsa zonse, ine ndi a Chipewa n'kuyamba kuikoka, iwo akubuula, ine ndikutukwana amene anafolera dengalo. Kuseri kwake tinapeza mphemvu zouma, sipuni imene tinanamizira woyeretsa kuti anaba, ndi kabokosi kobiriwira kosungiramo sopo, kakulendewera pa waya wochokera ku kachipangizo koyezera kaja.

“Nanga sopo akutani pa waya?” anafunsa a Chipewa.

Pakabokosipo panali katepi kachikasu, ndipo pakatepipo panalembedwa ndi bolopeni kuti CHOTSANI ALENDO AKAPITA. Zilembozo zinali zanga. Ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti yonyowa.

Zonse zinabwera nthawi imodzi. Linali tsiku lotsegulira labu, alendo akuluakulu akubwera nthawi ya teni. Ine ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mapazi atatupa, ndavala masilipasi a mwamuna wanga. Makina ankanjenjemera ngakhale titangolumikiza hita wamba, abwana akulowa ndi kutuluka, thukuta lili kamukamu. Ndinapita kuchimbudzi, ndinatenga kabokosi ka sopo pa sinki, ndinawotchereramo tizipangizo tiwiri, n'kukalowetsa pa waya wobweza yankho ku kompyuta. Kanali kasefa. Kasefa kotere kamasalaza yankho, makina n'kukhala phee, koma kamameza zonse zochitika mofulumira ndipo kamawonjezera kuchedwa kuja. Kwa hita zilibe kanthu, hita sayankha munthu. Ndinkadziwa kuti ndi chinyengo cha tsiku limodzi, n'chifukwa chake ndinalemba katepiko.

Alendo anabwera, anaomba m'manja, anadya mabisiketi, mmodzi anafunsa ngati makinawo angatchaje foni. Masana a tsiku lomwelo mimba inayamba kupweteka, madzulo ndinali kuchipatala, ndipo mwana anabadwa masiku asanakwane, kakang'ono koti ndinkaopa kukanyamula. Ndinabwerera kuntchito patapita miyezi isanu, mutu uli ku botolo ndi sikelo. Kabati inali itakankhidwira kukhoma, makina akuyenda bwinobwino, ndipo palibe amene amafunsa makina oyenda bwino. Mwana uja tsopano ali ndi zaka zitatu ndi theka, amakana nsapato ndiponso amadziwa kunama. Kabokosi ka sopo kanali ndi zaka zomwezo.

A Chipewa anawerenga katepiko, anandiyang'ana, anayang'ana chitseko.

“Mayi,” anatero motsitsa mawu, “ine maso angawa ndi okalamba. Ndaona mphemvu ndi sipuni basi. Tipukute madziwa, kabatiyi tiibweze.”

Musaganize kuti ndinakana msanga. Ndinali wotopa, kutopa kwa zaka, koti ngakhale ugone Lamlungu lonse umadzuka nako. Chiphaso chinali chitalembedwa kale, chikungodikira siginecha. Amalume akanasangalala, mayi akanasiya kundiimbira moziziritsa mawu, alimi akanalandira mabokosi awo. Ndinauza a Chipewa kuti apite kaye akamwe tiyi.

Atatuluka ndinatenga envelopu yakale, kuseri kwake n'kuwerengera liwiro limene kasefako kamayambira kusokoneza zinthu. Kenako ndinatsegula zimene kompyuta inasunga tsiku loyamba la bokosi la amalume, n'kuwerenga kuti mzere unkanjenjemera kangati pa sekondi. Manambala awiriwo anali mapasa. Bokosi lija silinkakangana ndi magetsi, linkakangana ndi kabokosi kanga ka sopo. Ndinatenga pulayazi n'kudula waya a Chipewa asanabwerere, chifukwa ndinkadziwa kuti akabwera n'kundifunsanso kachiwiri ndivomera.

Kasefa katachoka, makina anabwerera ku misala yawo ya tsiku la alendo. Hita wamba ankagwetsa swichi. Ntchito imene ndinayenera kugwira zaka zitatu ndi theka zapitazo inali ikundidikirabe pamalo pomwe ndinaisiya, ndipo sinachepe.

Ndinayamba ndi kuyeza kuchedwa kwa njira yonse, chidutswa ndi chidutswa: kompyuta imadya nthawi yochuluka bwanji, ampulifaya bwanji, kachipangizo koyezera bwanji. Lachiwiri lonse linathera pamenepo, fungo la siling'i yonyowa lili m'mphuno, ndowa ikulandira madontho pakona. Lachitatu ndinaphunzitsa kompyuta kuti iziwerengera kuchedwako, iziponya yankho lake patsogolo pang'ono monga umaponyera mpira kwa munthu amene akuthamanga. Zinachepetsa kunjenjemera koma sizinathetse. Ndiye ndinachotsa chigawo china cha mawaya onamizira a m'kompyuta, n'kuika koyilo yeniyeni pansi m'malo mwake, kuti bodza lichepe, zenizeni zichuluke. A Chipewa anaikoka koyiloyo kuchokera kusitolo ya pansi, akundikumbutsa pa sitepe iliyonse kuti iwo ananena kuti tibweze kabati.

Tsiku limenelo ndinaiwala kukatenga mwana kusukulu ya mkaka. Aphunzitsi anaimbira bambo ake, bambo akewo n'kundiimbira ine.

“Ndamutenga,” anatero. “Akuti amayi ake anasamukira kuntchito.”

Ndinalibe mphamvu zoseka, ngakhale zopepesa bwinobwino.

Lachinayi m'mawa makina anakhala bata popanda kasefa. Koma bata lokha linali litandinamizapo kale, ndiye sindinalikhulupirire. Ndinalumikiza hita ndi koyilo zimene muyeso wake ndimaudziwa pamtima, ndinaika mita yapamanja pa waya, n'kumayerekeza zimene mita ikunena ndi zimene sikirini ikunena. Ndinakonza, ndinayezanso, ndinakonzanso, mpaka ziwirizo zinagwirizana. Tiyi ndinathira katatu, katatu konse ndinamutaya atazizira.

Masana tinalumikiza bokosi la amalume, lachitatu lija la pa wilibala. Linakhala bwinobwino. Kenako ndinauza kompyuta kuti iyatse pampu ya madzi, monga mmene mlimi angachitire m'mawa uliwonse. Pampu ikamayamba imakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, ndipo bokosi limayenera kudzuka msanga n'kuikankha. Ili linadzuka mochedwa. Magetsi anatsika, anatsikabe, bokosi linazima. Ndinabwereza kasanu. Kale kasefa kankabisa kukoka kwadzidzidzi kumeneku, n'chifukwa chake sabata yatha linapambana.

M'fayilo munali mapepala amene amalume anabweretsa ulendo woyamba, ojambulidwa kuchokera m'kope lawo, manambala onse a bokosi loyamba atalembedwa ndi pensulo. Ndinawalowetsa m'kompyuta, n'kuyatsa pampu yomweyo. Mzere unagwedezeka kamodzi n'kuima njii. Zaka ziwiri munthu wamkulu wakhala akuwononga chinthu chabwino kuti chigwirizane ndi makina olakwika, ndipo amene anamuuza kuti atero ndine. Ndinachita manyazi oti ndinalephera kuyang'ana ngakhale a Chipewa.

Abwana anamvetsera atagwira pachipumi. Nditamaliza anafunsa kuti tayesa mabokosi angati chitsegulireni labu. Ndinati khumi ndi limodzi. Anapuma mozama, anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi tayi.

“Lolemba tiyamba kulemba makalata, onsewo abwerenso,” anatero. “Ine ndikakalipiridwa kumwambaku, inu ndidzakukalipirani ndikabwerako. Malume anuwo ndiwauze ine?”

Ndinafuna kuvomera. Ndinati ayi, ndiwauza ndekha.

Lachisanu amalume anafika nthawi ya naini, pamene ndinawauza teni. Anavala jekete yawo ya bulauni imene imatuluka pa zinthu zikuluzikulu zokha, nsapato zitapolishidwa, m'manja atanyamula fayilo yatsopano ya pulasitiki, kapepala ka mtengo kakadali pakona. Anapereka moni kwa mlonda, kwa woyeretsa, kwa a Chipewa, amene anayankha n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti akufunika kusitolo ya pansi.

“A Injiniya, mwadzuka bwanji? Akazi anga akuti ndisapinde pepalalo, ndiye ndagula ichi.”

Ulendo uno ndinawapatsa mpando wanga, wa khushoni. Ndinawathirira tiyi. Potenga kapu, sipuni inayamba kulira m'mbale, ngwe ngwe ngwe, mpaka anagwira kapuyo ndi manja awiri. Kulira kumeneku ndinakumvanso chaka chatha kunyumba kwawo, koma ndinasankha kusakumva.

Ndinaika kabokosi ka sopo patebulo. Anakatenga, anakatalikitsa ndi maso kuti awerenge katepi, kenako anakatsegula n'kuyang'ana mkati.

“Kuwotcherera uku ndi kwanga,” anatero. “Ndiye kuti ndi dzanja lanu. Mwawotcherera bwino, palibe chotupa.”

Zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira. Ndinawauza zonse, kuyambira masilipasi mpaka pampu. Sindinabise kuti a Chipewa anati tibweze kabati ndipo ine ndinaganizira ndithu. Ndinawauza kuti chiphaso palibe, chifukwa bokosi ili likapita kumunda lizizima nthawi iliyonse mlimi akayatsa pampu. Iwo ankangotembenuza kabokosi kaja m'manja.

“Nanga loyamba lija?” anafunsa.

“Linali bwino, malume. Linalibe vuto lililonse.”

“La phuma lija.”

“Lomwelo.”

Madontho ankagwera m'ndowa. Ndinkadikira kuti apse mtima, ndipo ndinkafuna kuti atero, kuti mwina ndipepukidwe. Iwo anangokweza dzanja n'kugwira khutu lawo lakumanja.

“Ndiye kuti ili silinaname,” anatero. “Zaka ziwiri ndakhala ndikuliuza kuti lakalamba.”

“Pepani, malume.”

“Ndinkati ndikamvera, likuti iyayi, apa mukuwononga. Ine n'kumati khala chete iwe, mwana anapita kusukulu.”

Misozi inali pafupi, ndiye ndinathamangira ku zimene ndimadziwa. Ndinati manambala a bokosi loyamba alipo onse, angochotsa koyilo yaikuluyo, abwezeretse yoyamba ija, abweze liwiro, ndipo tsiku limene adzabwere nalo ndidzasiya chilichonse n'kuliyesa. Ndinati alimi akadali ndi miyezi iwiri chilimwe chisanafike. Ndinalankhula zambiri, mofulumira, ngati wogulitsa mankhwala m'basi.

“Koyilo yoyamba ija kulibe,” anatero. “Ndinaimasula. Waya wake ndinagwiritsa ntchito pa yachiwiri.”

“Mukulunganso ina. Manambala ndi awa.”

Anaika kabokosi ka sopo pansi, anatambasula dzanja lamanja pamwamba pa tebulo, n'kulisiya m'malere kuti ndilione. Zala zinkanjenjemera zokha, chala chachikulu chikugunda chinzake. Analiyang'ana ngati la munthu wina.

“Yaikuluyi ndinaitha chifukwa waya wake ndi wonenepa, ndiponso azakhali anu ankandigwirira. Yoyamba ija inali ya waya wonga ulusi, mizere mazana anayi, uliwonse kugona pambali pa unzake osakwerana. Ija ndinaikulunga ndi manja ena. Manja amenewo anatha chaka chatha.”

Ndinali nditakonza makina kuti aziwerengera kuchedwa kochepa koti munthu sangakuone, koma kuchedwa kwa zaka ziwiri kunalibe poti ndikulowetse.

Anamaliza tiyi wawo pang'onopang'ono, ndi manja awiri. Kenako anaimirira, anavula jekete, anaikoleka bwinobwino pa mpando, n'kutulutsa sikuludiraiva yaitali ija. Anapita pa bokosi lawo kuti atsegule chivundikiro. Nsonga inkagunda chitsulo mbali iyi ndi iyo, osalowa pa sikuluu. Anayesa kachiwiri, kachitatu. Ndinaima pambali, osadziwa ngati kuwathandiza kukhale ulemu kapena chipongwe. Ulendo wachinayi anatembenuka n'kundipatsa sikuludiraivayo, chogwirira chili kwa ine.

Ndinamasula masikuluu onse asanu ndi atatu iwo akuyang'ana. Fungo la vanishi linatuluka, lomwe lija la kuseri kwa nyumba yawo.

“Mawa ndi Loweruka,” anatero.

Loweruka limenelo ndinali nditalilonjeza kwa mwana, kwa zochapa za sabata ziwiri, ndi kwa msana wanga. Ndinangogwedeza mutu.

“Iwe, ubwere ndi manja akowo. Ine ndiziwerenga mizere, iwe uzikulunga. Ukakweretsa waya umodzi pa unzake timasula yonse, tiyambirenso, ngati kale. Ndipo tikamaliza ndiyamba ndamvera ine, kompyuta yakoyo pambuyo.”

Chitengereni digiri anali asananditchulepo kuti iwe. Ndinati chabwino, malume.

Anavala jekete, anakonza kolala, anatenga kabokosi ka sopo n'kukaika m'thumba osapempha. Atafika pachitseko anaima, anayang'ana fayilo ya pulasitiki imene inali m'khwapa mwawo, anabwerera n'kuiika patebulo panga, pamwamba pa envelopu ija ya manambala.

“Iyi itsale konkuno,” anatero. “Azakhali ako ali pakhonde akudikira. Sindingalowe nayo pageti ilibe kanthu.”